Ndemanga ya Wokonza Mawailesi

A Chimkwita a ku Eriya 43 anandisiyira katoni Lachiwiri.
Amvekere, "Inu mwatha zaka makumi atatu mukung'amba mimba za mawailesi,
tamverani izi, mundiuze ngati sanandibere."
Mtengo wake anachita kundinong'oneza.
Lufeyo, mnyamata wanga, anawerengera pa zala:
njinga zamoto ziwiri za kabaza, chenji n'kugulira zipewa zake.

Ndiye ndemanga yanga nayi.

Mahedifoniwa pamutu akulemera ngati papaya wanthete.
Zikho zake n'zamtengo wopala bwino,
chikopa chofewa ngati khutu la kamwana ka mbuzi.
Koma kumbuyo kuli timabowo ngati sefa,
ndiye Malangalanga yense amalowa osaodira:
oitanira minibasi za ku Kawale, wa mayunitsi,
wowotcherera zitseko uja sapuma.
Masana pashopu n'kutaya nthawi.
Ndinazinyamula kupita nazo kwathu ku Chilinde.

Ampulifaya ili ndi mababu anayi agalasi
ofuna kuwotha kaye asanatsegule pakamwa,
ngati mlonda m'mawa wa mu Juni.
Lachitatu magetsi anathima isanafunde n'komwe.
Lachinayi anabwera cha m'ma leveni, agalu atatopa kuuwa.

Ndinayamba ndi chimbale chawo chomwe.
Besi sakumenya pamtima ngati wa ku Bwandilo ayi,
akuyenda chapansipansi, mwaulemu,
phazi lililonse likuoneka pamene laponda.
Chala chikatsetsereka pa nsambo, mumachimva.
Woimba akameza malovu, mumamva.
Wa ng'oma wakhala kumbuyo, chakumanzere,
moti ndinacheuka
n'kupeza kabati yanga ya mbale.

Kenaka ndinalakwitsa.
Ndinatenga kaseti yanga ya kwaya ya mpingo wathu,
ya chaka cha 1997,
yojambulidwa ndi maikolofoni imodzi yobwereka.
Ndaimvera kambirimbiri pa kawailesi ka pashopu,
ndimati ndimaidziwa ngati thumba la buluku langa.

Poyamba kunali kusokosera kwa tepi, mvula yakutali pa malata.
Benchi inalira. Panja mwana ankaitana amake.
Wotsogolera anagunda phazi kanayi pa simenti.
Ndipo pakati pa ndime yachiwiri ndi yachitatu,
pamene onse amakoka mpweya,
wina anatsokomola.
Kawiri, motsekera m'dzanja.
N'kuti pansipansi, "pepani."

Enelesi.
Wachitatu kuchokera kumanzere, mzere wa alito.
Chifuwa chija tinkati ndi fumbi la mu Okutobala,
tinkati chitha mvula ikagwa.

Zaka zonsezi anali momwemo,
kuseri kwa mawu a anzake,
kupepesa,
ine osamumva.

Ndinabweza tepi kasanu ndi kawiri.
Kachisanu ndi chitatu ndinaopa kuti iduka,
ndinaitulutsa n'kuikulunga ndi bolopeni, pang'onopang'ono.
Mababu aja anali chiyakire, ofiira ngati makala a m'mbaula,
mpaka anapita nawo magetsi tambala asanalire.

A Chimkwita, sanakubereni.
Mawu okwera salasa khutu, apakati ali ndi mnofu,
chingwe chake n'chachifupi, muzikhala pafupi ndi tebulo.
Ampulifaya imatentha, musaikepo nsalu yoluka ija,
ndipo mugule choteteza, magetsi athu mukuwadziwa.

Koma ndikuchenjezeni.
Tija ta pa Tsoka, ta mtengo wa mabanzi khumi,
tili ndi chifundo: timakwirira.
Izi sizidziwa kusunga chinsinsi.
Musanaikemo nyimbo yakale,
muyambe mwadzifunsa amene anali m'chipindamo tsiku lojambula.

Chikopa chakumanzere chanyowa pang'ono. Chiuma.
Zokonzetsa palibe, ndalama musandipatse.
Ngati simukuzifuna msanga,
mundisiyire mpaka Lamulungu.
Kaseti ija ili ndi mbali yachiwiri.